Dzina la Wapampando Likana Kuchoka

Ba Lizzie Chirambo amakhala ku Maramba, m'nyumba imene agogo awo anamanga atabwera kuchokera ku Nkhata Bay kudzagwira ntchito ya njanji. Kwa zaka khumi ndi zisanu akhala mlembi wa bungwe la osema ndi ogulitsa ziboliboli, m'kaofesi kamene fani yake amayatsa pokhapokha kukabwera alendo.

Ntchito yawo yaikulu ndi masatifiketi a mamembala. Mayina onse amakhala pa kompyuta, mu fayilo ya mtundu wa XML. Fayilo ina, sitailoshiti, imagwira ntchito ngati chikombole cha njerwa: imatenga dzina lililonse n'kuliumbira satifiketi yake. Zonsezi anaphunzira okha, pa kompyuta imene anapereka anthu ena achifundo omwe sanabwerenso kudzaona ngati imayaka.

Lachisanu lina masatifiketi mazana awiri ankafunika pofika teni koloko. Mamembala anali atadzaza kale pabwalo, ena atalawirira kuchokera kumudzi wa Mukuni. Ba Mutumba, wapampando watsopano amene anagwetsa wakale, Ba Simataa, pa chisankho chimene chinathyoletsa mipando itatu, anaima kumbuyo kwa Ba Lizzie atavala jekete.

Ba Lizzie analemba chaka, tsiku ndi dzina la wapampando pamalo pouzira sitailoshiti zinthu zosintha, n'kusindikiza pepala loyamba. Pansi pake panatuluka kuti: Wapampando, Simataa.

"Ba Lizzie, ni chani ichi?"

"Ni kompyuta, ba cheya."

"Oho. Kompyuta nayo inavotera Simataa?"

Ba Lizzie anayesanso. Chaka chinamvera, tsiku linamvera, dzina ayi.

Ba Mutumba anagwira thumba la jekete. "Ba komiti ananiuza kuti ndimwe munthu wa Simataa. Kalata yokuchotsani ntchito ili muno, yangosala siginecha. Teni ikakwana dzina ili likali pano, makiyi musiye pa tebulo."

Wotchi inali itadutsa hafu pasiti naini. Panja wina ankayesa maikolofoni, kuwerenga wanu, thuu, wanu, thuu. Ba Lizzie anapukuta manja pa chitenje n'kutsegula sitailoshiti, imene sanaiyang'ane m'kati kwa zaka zambiri popeza sinkavuta. Pamwamba panali mizere itatu. Wa chaka unayamba ndi xsl:param, wa tsiku chimodzimodzi. Param, kapena kuti paramita, ili ngati windo la ofesi: munthu amapereka chinthu ali kunja, chimalandiridwa. Koma mzere wachitatu unayamba ndi xsl:variable, ndipo valiyebo ilibe windo. Chimene unaikamo polemba ndi chomwecho. Zochokera kunja imangozinyalanyaza, osadandaula n'komwe.

Apo m'pamene anakumbukira. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo Ba Simataa anaima pamalo omwewo, atavalanso jekete, n'kunena kuti, "Dzina langa muliike poti munthu sangalichotse." Ba Lizzie anamvera, monga mlembi amachitira, kenaka n'kuiwala.

"Mwapeza kapena nisaine?" anafunsa Ba Mutumba, cholembera chili kale m'manja.

Ba Lizzie anafufuta mawu akuti variable poyambira ndi potsekera mzerewo, n'kulembapo param. Purinta inakhosomola, inaganiza kaye, kenaka inalavula pepala.

Wapampando, Mutumba.

Ba Mutumba analiwerenga nthawi yaitali kuposa mmene mawu awiri amafunira. Cholembera chinabwerera m'thumba. Mapepala ena ankatuluka limodzilimodzi, otentha, ndipo lomaliza linagwa kutatsala mphindi zitatu kuti teni ikwane.

Atanyamula mulu wonse, Ba Mutumba anatembenuka pakhomo.

"Manje mukonze bwino, Ba Lizzie. Dzina langa muliike poti munthu sangalichotse."

"Nizaona, ba cheya."

Ba Lizzie anasunga fayiloyo mmene inalili, paramita ili pomwepo, n'kuponya makiyi m'chikwama. Chisankho china chinali kudzachitika pakapita zaka zitatu.