A Fulansisi Anavina Nc'wala Atavala Nsapato

Kwathu ku Madzimoyo mukafunsa katswiri wovina ngoma, ngakhale mwana adzakulozerani kwa a Fulansisi Miti. Ndi mlimi wa mtedza ndi thonje, amaimbanso kwaya kutchalitchi, ngakhale mawu awo ndi oti Mulungu yekha ndiye amawapirira. Ine ndinamaliza giredi 12 ndipo ntchito yanga pano ndi kudikira, ndiye ndati ndilembe za iwowa. Manyuzipepala amangolemba za anthu a m'maofesi, chonsecho ife tili ndi munthu woti akaponda pansi nkhuku zimabalalika.

Chaka chilichonse mu Febuluwale gulu la m'mudzi mwathu limapita ku Mtenguleni kukavina pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala, ndipo a Fulansisi ndiwo amatsogolera: zikopa m'chiuno, chishango kumanzere, chibonga kumanja, kumapazi kopanda kanthu. Gule ameneyu mphamvu yake ili pa phazi logunda nthaka, azimayi akuwomba m'manja.

Zaka zapitazi a Fulansisi anayamba kudzitama kuti mapazi awo akhwima. Ankaponda minga, ankayenda pa dothi lotentha la mu Okutobala, osamva kanthu.

"A Miti, mapazi amenewa munagula kuhadiweya?" ankatero mnzawo wovina naye, a Lazarus.

"Kuvina, achimwene. Inu mumangosisita pansi."

Tonse tinkasirira. Koma akazi awo, amayi Edita, ankadziwa mbali ina. Bambowo akakhala pansi ankadandaula kuti mapazi akuyaka moto, mwina ngati mukuyenda nyerere, mwina ngati wina akuwabaya ndi singano. Madzi ankamwa ngati ng'ombe, kuseri kwa nyumba osatherako. A Fulansisi anati ndi magazi oipa, choncho anakatemetsa mphini kumapazi kuti motowo utuluke.

Mphini imodzi sinapole. Mu Disembala amayi Edita anaona ntchentche zikulondola chidendene cha amuna awo. Atayang'ana anapeza bala lonyeka, mwini wake osadziwa n'komwe. Tsiku lomwelo anawakweza minibasi ya ku Chipata.

Kuchipatala anakumana ndi namwino, a Sisita Charity. Anawayeza magazi, kenako anatenga kaulusi kolimba kuti awakhudze nako kuphazi.

"Tsinzinani, bambo. Mukamva kanthu munene."

Anawakhudza chala chachikulu, pakati pa phazi, chidendene. A Fulansisi ali phee.

"Mwayamba kale, a sisita?"

"Ndamaliza."

A sisitawo anafotokoza kuti a Fulansisi ali ndi matenda a shuga, ndipo akhala nawo nthawi yaitali. Shuga akachuluka m'magazi amawononga pang'onopang'ono mitsempha imene imauza ubongo zimene thupi likumva, ndipo amayambira kumapazi. Mitsemphayo ikawonongeka imanama: imati kuli moto pomwe kulibe, koma munga weniweni osaunena. Anati zimachitikanso ndi mowa wambiri, kusowa mavitamini ena, ngakhale mankhwala ena a TB.

"Kachasu mumamwa, bambo?"

"Pa Khirisimasi pokha."

Amayi Edita anatsokomola.

"Ndi pamaliro," anawonjezera a Fulansisi.

Anawatsuka bala, anawapatsa mapiritsi a shuga ndi ena ochepetsa moto uja. Tiyi wa masupuni anayi analetsedwa, kachasu analetsedwa, mphini zinaletsedwa. Zonsezi bambowo anangogwedeza mutu. Chimene chinawadzidzimutsa ndi chomaliza: osapondanso pansi opanda nsapato, ngakhale pakhomo.

"Nanga Nc'wala?"

"Bala likapola, kavineni mutavala nsapato. Mukakana, lina lidzabwera osalimva, ndipo phazi limeneli tikhoza kudzalidula."

Nkhaniyi itafika kumudzi, a Lazarus anaseka mpaka kugwira mtengo.

"Mngoni wa nsapato! Mawa mubwera ndi jekete. Ingokhalani ndi azimayi muziwomba m'manja, a Miti."

Gulu likamayeserera kuvina a Fulansisi ankakhala pakhonde, phazi lili pampando, akusenda mtedza. Ine ndinawamvera chisoni kwambiri. Tsiku lina ndinawamva akuuza akazi awo kuti adzavula nsapato tsiku limodzi lokhalo basi.

"Phazi ndi lanu," anatero amayi Edita. "Koma wokukankhani pawilibala mufuniretu. Ine msana ndilibe."

Bala linapola kumayambiriro kwa Febuluwale. Amayi Edita anagula nsapato zansalu zofewa pasalaula, pamene amagulitsa zovala zakale, n'kusokerera chikopa cha mbuzi pamwamba pake. Ukaima patali umangoti bambowa ali ndi mapazi aubweya.

Ku Mtenguleni anavina patsogolo. Ndisaname, phazi la nsapato siligunda ngati lopanda kanthu, ndipo dzanzi silinathe. A sisita ananeneratu kuti mankhwala amaletsa kuti zisapitirire, koma mitsempha yowonongeka kwambiri sibwerera msanga, mwina osabwereranso. Kawiri konse a Fulansisi anadzandira. Koma fumbi linakwera ndithu, azimayi analuluta.

Gule atatha, amayi Edita anawakhazika pansi pa mtengo, anthu onse akuona, n'kuwavula nsapato. Anayang'ana chidendene, anatsegula pakati pa zala chimodzichimodzi. A Fulansisi anali akadali wefuwefu, chishango chili pamiyendo.

"Kuli bwanji kumeneko, amake Ruth?"

"Kulibe bala. Valani."