Mpanda wa Amayi ku Lizulu

Ndinaganiza zochoka ku Lizulu chaka chimene kachewere wanga anawolera m'munda. Msuweni wanga wa ku Leicester, ku England, anandipezera ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Amayi ndinawasiya okha, miyendo itayamba kale kuwavuta.

Mwa okalamba amene ndinkawasamalira munali Bambo Howard, a ku America, amene anabwera ku England ali msilikali n'kukwatira konko. Ankakonda nkhani za kwawo pa wailesi ya kanema, makamaka za mpanda wa m'malire ndi Mexico.

"Amange, ufike kumwamba," ankatero ine ndikuwameta ndevu. "Woyandikana naye amakoma akakhala kuseri kwa khoma."

"Nanga ine, bambo?"

"Iwe unalowera pakhomo. Meta bwino apo."

Sindinkawatsutsa. Kwa ine anali munthu wabwino. Atandiona pawindo ndikudikira basi ndi juzi yopyapyala, anandipatsa jekete lawo. Lamlungu, m'chipinda changa cha lendi mukakhala zii, ndinkalakalaka Lolemba kuti ndikamveko phokoso lawo.

Mawu awo anandilowa. Kwathu msewu wa tala ndiwo malire: kuno Malawi, tsidya Mozambique. Nditamva kuti mbuzi za amayi zabedwa, ndinati ndi a kutsidya, ngakhale palibe anawaona. Ndinatumiza ndalama kuti amange mpanda wa njerwa, geti lifulatire msewu. Pa foni amayi ankangoti, "Akumanga, mwanangu."

Bambo Howard atamwalira ndinabwerera kumudzi. Mpanda ndinaupeza utatha, koma mbali ya kumsewu unali ndi mpata woti munthu n'kudutsa atasenza ndowa. Ndinagona nditakwiyira mmisiri.

M'mawa, ndisanapite kukamufunsa, pampatapo panalowa Mayi Rozina a kutsidya, amene anakhala pakhomo pathu ali mtsikana, pothawa nkhondo ya kwawo. Anatenthetsa madzi, anadzutsa amayi, anawasambitsa, anawathowa miyendo. Sanafunse kuti sopo ali kuti. Ankadziwa.

Ndinayamba kuwathokoza. Iwo anangoseka.

"Achimwene, mwanenepa. Gwirani mkono uwo, tiwatulutse padzuwa."

Titawakhazika pamphasa, ndinafunsa amayi za mpata uja.

"Mmisiri usamuvute, ndinamuletsa ndine," anatero. "Iwe unali kutali. Ukanatseka apa, bwenzi akundisambitsa ndani? Njerwa zako?"