Tsiku limene kwaya inavomera m'khoti

Amuna anga kulemba kunkawavuta, koma nyimbo ankapeka ngati akusenda mtedza. Ina anaipeka akupopera thonje kumunda kwathu ku Sinda, mwana wathu woyamba atamwalira. Inali ya maliro. Iwo ankatsogolera, amayi a kwaya n'kumavomera. Mng'ono wanga anawajambula pa foni akuiyeserera kutchalitchi, ndipo iwo atatisiya, mawu awo amene ananditsalira anali amenewo basi.

Tsiku lina ndili mu minibasi ya ku Katete ndinaimva pa wailesi. Mnyamata wina wa ku Lusaka anali ataiveka magitala, woulutsa n'kumamutama kuti waipeka yekha. Ndinatsika ndisanafike kumene ndinkapita. Ndalama zake sindinkazifuna ine. Ndinkafuna dzina la amuna anga litchulidwe.

Ndinamusumira mnyamatayo, ndipo mlandu unakalowa kukhoti lalikulu ku Chipata. Loya wanga, mayi wachitsikana wolankhula mothamanga, anandiuza kuti akopera nyimboyo mu foni muja, ina ipite kwa woweruza, ina kwa loya wa mnyamatayo.

"Wakuba uja mumupatsenso?" ndinalusa. "Ine sindinalole."

"Amayi, pa nkhani ya khoti lamulo limalola kukopera nyimbo ya munthu osapempha mwiniwake," anatero. "Umboni uyenera kumveka mbali zonse. Uko si kuba. Ndipo akaiyatsa m'khoti, inu mukhale chete, osatsegula pakamwa."

Koma chenjezolo anandipatsa ine ndekha.

Amayi a kwaya anabwera pa lole, atavala zitenje zofanana, kudzandiperekeza monga timaperekezerana pa zovuta. Anadzaza mabenchi akumbuyo. Kalaliki atayatsa sipika, ndinamva kaye kakhosomole kaja amuna anga ankayambira nako, kenako mawu awo, athunthu, ngati aima pakhomo. Mtima wanga unasweka pomwepo.

Kwathu munthu akayambitsa nyimbo ya maliro sasiyidwa yekha, umenewo ndi mwano. Amuna anga atamaliza mzere woyamba, amayi onse anavomera pamodzi, ena akulira. Wapolisi wa pakhomo anachita kukuwa kuti akhale chete. Ndinaona loya wa mnyamata uja akumwetulira, ndipo mpaka lero kumwetulirako ndimadana nako.

Mboni yanga inali amayi apampando a kwaya. Loya wa mnyamata uja anawafunsa mwaulemu kwambiri.

"Amama, ndaona kuti nonse mumaidziwa. Nyimbo iyi ndi ya yani?"

"Ndi yathu tonse, mwanawanga. Kulibe maliro kwathu amene sitiimba."

"Munaiphunzira liti?"

"Aa, kalekale."

Sananame dala. Nyimbo yolirira anthu sitiiika dzina la munthu, timati ndi yathu, ndipo kumeneko ndiko kulemekeza amene anaipeka. Loya wanga anayesa kukonza, amayiwo n'kufotokoza za kumunda wa thonje, koma mawu oyamba aja anali atalembedwa kale. Pogamula, woweruza anati foniyo ikusonyeza kuti malemu ankaimba nyimboyo, osati kuti anaipeka, ndipo mboni yanga yomwe inati ndi ya mudzi wonse. Mlandu unathera pomwepo.

Pobwerera, pa lole panalibe woimba. Amayi apampando anandigwira dzanja kuyambira ku Chipata mpaka ku Katete, akungoti pepani. Ndinawakwiyira miyezi ingapo, kubisa sindingabise, moni wawo ndinkayankha ndi mutu.

Mkwiyowo unatha. Chimene sichikutha ndi china. Nyimbo ija amuna anga anaipekera mwana wathu, ndipo woyamba kuivomera, kumunda kuja, ndinali ine. Tsiku la kukhoti lija anaiyambitsa komaliza pagulu, akazi a eni n'kuwavomera onse. Ine mkazi wawo ndinakhala kutsogolo, manja pamiyendo, pakamwa nditatseka, kuti ndipambane mlandu.