Aphunzitsi a Masamu ndi Kachidutswa ka Chinanazi

Ku Thuchila kuli aphunzitsi ena a masamu amene anapuma ntchito kalekale, koma choko sichiwachoka m'manja. Chiwapezereni matenda otupa chiwindi ku Mulanje Mission, amajambula mzere pakhoma la khitchini wosonyeza mmene mankhwala akuchepetsera tizilombo m'thupi mwawo. Mzerewo umatsika mwaliwiro ngati madzi a m'phiri, kenako n'kumangokwawa osakhudza pansi. Akamamwa piritsi m'mawa amakonda kunena kuti, "Masamu sanama, onama ndi maso."

Tsiku lina adokotala atanena kuti tizilombo sitikuonekanso m'magazi, akazi a aphunzitsiwo anafika pakhomo ndi nthungululu.

"Bambo, mwachira! Mapiritsiwa basi, tikayamike kutchalitchi."

Aphunzitsi nawonso mapiritsiwo anali atawakwana. Komabe anatenga chinanazi n'kuchidula pakati, theka lija pakatinso, mpaka pansonga ya mpeni panatsala kachidutswa kovuta kukaona.

"Chatha, mayi?"

"Chatha."

Anakapukutira pakhonde. Posakhalitsa nyerere zinaunjikana pomwepo, bii.

"Kuyamika tikayamika ndithu," anatero aphunzitsi, "koma nyererezi zikuti sichinathe. Ndipatseniko madzi ndimwere piritsi langa."