Injiniya wa Diresi

Ndili Fomu 4, atsikanafe tinkakangana za makoleji ngati tinawaonapo. Ena ankaika ya ku Zomba pamwamba chifukwa cha mabuku ake ochuluka. Ya zaulimi ankati imanunkha khola. Ine mtima wanga unali pa ya ku Blantyre, chifukwa aphunzitsi athu a masamu anatiuza kuti kumeneko kuli makina otchedwa kompyuta, otha kuwerengera samu imene kalasi yonse ingalephere. Ndinali ndisanawaonepo makinawo, koma ndinkafuna kudzakhala injiniya wake.

Nditapita kwathu ku Chipoka pa holide, ndinawauza ababa, amene ankagwira ntchito yopakira katundu padoko. Popanda iwo kuvomera, sindikanasankha kolejiyo.

"Injiniya?" anatero. "Ngati aja a m'sitima aja?"

Kwathu injiniya anali mmodzi basi: munthu wa kunsi kwa sitima ya pamadzi, wotuluka ali bii ndi oyilo, atavala ovololo. Ndipo masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku.

"Ovololotu ndi buluku, mwana wanga. Ukufuna ndizikakupatsa moni kupolisi? Kachite zauphunzitsi."

Ndinalira. Amayi anangoti ndipukute misozi, ndikatunge madzi.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, tinamva kuti mwana wamkazi wa akuluampingo wabwera kuchokera ku Blantyre, ndipo amagwira ntchito pa kompyuta. Ndinawakoka ababa dzanja mpaka pomwe mayiwo anaima. Anali atavala diresi lobiriwira lofika m'miyendo, zikhadabo zili mbee.

Ababa anawapatsa moni, n'kuwayang'ana m'manja.

"Pepani amayi, makina anuwo oyilo mumathira pati?"

Mayiwo anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Ayi bambo, samwa oyilo. Amangodana ndi fumbi."

"Nanga ovololo?"

"Ovololo yanga ndi yomweyi mukuionayi."

Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa kanthu kakuda, kapyapyala ngati envulopu, kabowo pakati. Anati ndi disiki, ndipo mkati mwake mungalowe mawu odzaza buku lonse la nyimbo limene ababa anali atapanira m'khwapa.

Ababa anapukuta manja pathalauza asanakalandire. Anakakwezera kudzuwa, anakatembenuza, anakagwedeza pafupi ndi khutu. Zii. Anayang'ana buku lawo lija, n'kuyang'ananso kadisiki. Kenako anandipatsa ine. Kanali kopepuka ngati tsamba louma. Nyimbo zonse zija, m'kanthu kopanda ngakhale chilembo chimodzi chooneka!

Popita kunyumba tinatsata njanji. Tikuyandikira padoko ababa anaima.

"Ija ya ku Blantyre ija ndiye ili ndi zimenezi?"

"Eya, ababa."

"Ya ku Zomba ilibe?"

"Sindikudziwa, ababa. Koma zauinjiniya zili ku Blantyre."

Anakanda kumutu. "Uike imeneyo pamwamba. Koma ndikadzamva zoti wavala ovololo, ndidzabwera ndekha pasitima kudzakutenga."