Kondaine wa m'ketulo

Chaka chimene mkazi wanga ananditsatira ku Leicester, ndinayamba kusintha. Ndinkatsuka mbale osatumidwa. Ndikaweruka kuntchito ndinkathamangira basi ya ku Beaumont Leys, komwe tinkakhala, ngati ndasiya mkaka pamoto, anzanga akupita kukamwa mowa. Iwo ankandinena kuti ndadyetsedwa kondaine, mankhwala aja opusitsa mwamuna kuti azingomvera mkazi. Ndinkaseka nawo, mpaka tsiku limene ndinapeza tizidutswa toyera pansi pa kapu ya tiyi.

Ndinasuzumira m'ketulo. Mkati monse munali mbuu, zoyera zitamatirira ngati mkute wa phala. Kwathu ketulo imada kunja ndi mwaye, siyera mkati. Ndinasiya kumwa tiyi wa pakhomo, n'kumanama kuti akundipatsa chilungulira. Mkazi wanga, pondimvera chisoni, anandigulira timapiritsi totafuna. Tinali toyeranso. Ndinkatibisa m'sokosi.

Lamlungu lina ndinapala zoyerazo ndi supuni, kuzikulunga m'pepala, n'kupita nazo kwa bambo ena a ku Zambia amene tinkapemphera nawo. Ankayendetsa lole yonyamula miyala ya laimu kumigodi ya ku Derbyshire, koma ine ndinawasankha chifukwa cha imvi zawo. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira. Kenako anathira viniga pa zoyerazo, zinayamba kuchita thovu, ine n'kudumphira kukhomo.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati madzi a kuno amadutsa m'miyala ngati yomwe iwo amanyamula, ndipo ukawawiritsa mwalawo umatsalira m'ketulo. Anati mwala womwewo uli m'simenti, m'mankhwala otsukira mano, ngakhale m'mapiritsi ndinkabisa aja.

"Mwana wanga, ngati iyi ni kondaine, ndiye kuti Leicester yonse inadya, na madalaivala a basi omwe."

Analonjeza kusunga chinsinsi, ndipo anasungadi. Koma akazi awo anali kukhitchini, chitseko chili chotsegula, foni ili pafupi. Nkhani inafika kunyumba ine ndidakali pa siteji ya basi.

Ndinapeza mkazi wanga atakhala pa sofa, ketulo ili patebulo ngati mboni ya mlandu. Ndinayembekezera mkuntho, koma sanakalipe. Anangofunsa kuti ndakhala masabata angati ndikuopa tiyi wake, ndinati atatu. Manyazi anandigwira, chifukwa ndinaona kuti zamupweteka kwambiri.

"Ndiye kuti inuyo, bambo, munaona kuti simungandikonde chonchi popanda mankhwala?"

Ndinanyamula ketulo ija osaitsuka n'komwe, ndinawiritsa madzi, n'kumwa tiyi ndili chiimire mpaka tizidutswa ta pansi, tikulira kukutu m'mano. Iye sanamwe nane, ndipo unatha mwezi asanandipangirenso tiyi.