Mowa wa Masuku

Fungo la masuku akapsa mpaka kuyamba kusasa, ine sindilifuna. Adzukulu akabwera nawo kuchokera kumsika wa Katete ndimangoti dyerani panja. Amaseka, amati agogo akalamba. Sadziwa kuti fungolo limandibweza kwathu ku Vubwi, chaka chimene mano anga akutsogolo anali atangomera.

Atate anali atapita ku migodi, ndipo makalata anali atasiya kubwera. Tinatsala atatu: amayi, ine, ndi mng'ono wanga amene anali kumsana. Mvula inagwa bwino, chimanga chinamera, koma udzu unachiposa. Munda unali wa anthu awiri, ndiye amayi akamapalira uku, kumene anapalira dzana kunali kutabiriwiranso. Kwathu zikatere munthu ankafulula mowa wa dima. Umaitana anthu, akupalira tsiku limodzi, iwe n'kuwamwetsa. Koma m'nkhokwe munangotsala zitsononkho. Nanga chimera tikanachipeza kuti?

Mayi wina wa ku Mozambiki, podutsa ndi nsomba zake zouma, anauza amayi kuti kwawo amafulula ndi zipatso. Basi, ntchito inakhala yanga. M'mawa uliwonse ndinkakwera phiri mame asanaume, kukatola masuku ogwa okha. Tinkawafinyira mumbiya ziwiri, nthanga n'kutaya, manja ali nyatanyata, njuchi zikutizungulira kumaso. Amayi anathiramo kagaga kopempha, n'kuvundikira ndi masamba a nthochi, mbiya ziwirizo n'kuziika kuseri kwa chitseko. Ndikaika khutu ndinkamva zikulira pang'onopang'ono ngati chiswe m'denga.

Tsono amayi anali a mpingo, mowa sanaulawepo chibadwire. Kufulula komweko ankachita mtima uli m'mwamba. Kuitana mnzawo kuti adzalawe ankaopa, poti mudzi wonse ukanamva kuti mowawo ndi wa masuku, anthu n'kukaniratu. Ndiye tsiku lachitatu anandiitanira m'nyumba, n'kutunga pang'ono ndi chikho.

"Talawa, Mwatitha. Undiuze zoona, wapsa?"

Ndinamwa. Unali wozizira, wotsekemera ngati uchi, kowawasa pang'ono kunsonga kwa lilime, ndipo unkanunkhira phiri lonse lija. Chinthu chokoma chotero ndinali ndisanachilawepo. Ndinati wapsa, wakoma kwambiri. Amayi anapumira m'mwamba, anamanga mwana kumsana, n'kuyenda khomo ndi khomo kuitana dima.

Mawa lake anthu anabwera ndithu, makasu pamapewa. Anapalira akuimba mpaka dzuwa litayamba kutentha m'khosi, kenako anakhala pansi pa mtengo, ife n'kubweretsa mbiya. Woyamba kumwa anali aTembo, mkulu wa onsewo. Anausunga m'kamwa kanthawi, anameza, n'kusuzumira m'chikhomo.

"Nabanda, mwatiitanira thobwa la ana? Ifetu tasiya minda yathu."

Ena anaseka. Amayi anagwada n'kufotokoza za chimera, mawu ali pansipansi. Palibe anawakalipira, ayi. Kungoti wina anakumbukira mbuzi zosatsekulira, wina mwana wodwala, mmodzimmodzi mpaka pamtengo panatsala ife ndi mbiya. Kutsidya kwa dambo kunalinso dima tsiku lomwelo, la mowa wa mawere, ndipo nyimbo zawo tinazimva mpaka dzuwa kupendeka. Kwathu sanafike ndi theka lomwe la munda.

Ine, kunena zoona, ndinakondwa. Mbiya ziwiri zonse zathu. Ndinaitana atsikana anzanga, tinamwa mpaka mimba kuti ndii, uku amayi ali okha m'mizere. Patapita masiku awiri wotsalawo unachita thovu, unayamba kuluma pakhosi ndi kununkha ngati m'kamwa mwa akuluakulu. Ndinakadandaula kwa amayi kuti mowa wathu wawonongeka. Ananunkhiza mbiyayo, kenako anainyamula kukakhuthula kudzala. Dima saitana kawiri.

A mpingo anamva, anawaimitsa mgonero. Chimanga chinachita chikasu m'udzu muja, ndipo chimene tinakolola chinatha chisanu chisanathe. Mvula ina isanagwe, amayi anandipereka kwa achibale ku Sinda kukalera mwana, kuti pakhomo pachepe pakamwa. Anzanga amene ndinamwa nawo aja anayamba sukulu chaka chomwecho. Ine mpaka lero ndimadinda chala.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati akulu aja ndi opusa, kusiya chinthu chokoma chotero n'kukamwa zowawa. Pano ndimadziwa kuti mowa ukamatsekemera ndiye kuti sunapse, ndipo munda wathu unangosowa masiku awiri. Amayi sanandinenepo ngakhale kamodzi mpaka tinawaika. Anafunsa mwana, ndipo mwanayo anawauza zoona zimene ankazidziwa.